Goli la Shi Yulan pa Bwinja la Sunagoge

Shi Yulan anabwerera ku Kaifeng patapita zaka zoposa khumi chichokereni tsiku limene Mtsinje Wachikasu unabooka n'kumeza mzinda wonse. Madzi amenewo anamulanda mwamuna ndi ana ake aamuna awiri m'mawa umodzi. Iye anapulumuka atakakamira chitseko choyandama, ndipo zaka zonsezo anakhala kutsidya kwa mtsinje pamodzi ndi Ayuda anzake otsala, akuphika msuzi wa nkhosa n'kumagulitsa kwa opalasa mabwato. Anabwerako ndi imvi, chimphika chimodzi chachitsulo, ndi lilime lake lomwe lija limene malemu mwamuna wake ankati likhoza kusenda nkhosa popanda mpeni.

Mzinda anaupeza uli wina. Misewu yakale inali pansi pa matope ouma, ndipo anthu ankamanga nyumba pamwamba pa madenga a makolo awo. Ufumu nawonso unali utasintha. Pampando panali Amanchu ochokera kumpoto, ndipo mwamuna aliyense wofuna kuti mutu wake ukhalebe pakhosi anali atameta pamphumi n'kusiya mchira wa tsitsi kumbuyo.

Asanafune n'komwe pogona, Yulan anapita kukaona pamene panali sunagoge. Mapazi ake ankaidziwa njira ngakhale njirayo inali itakwiririka. Atafika anapeza mauvuni a njerwa akufuka utsi, ndipo pambali pake panali chidzenje chachikulu. M'dzenjemo amuna ankakumba dothi loumbira, ndipo anali atafika kale pa maziko. Miyala yosema imene iye ankaikolopa ali mtsikana inkatukulidwa ndi zitsulo n'kumakwezedwa pangolo.

"Mwini zimenezi ndani?" anafunsa.

Kunabwera bambo wina wonenepa, nsalu yopukutira thukuta ili paphewa. Ameneyu anali Dou, amene boma linamupatsa ntchito youmba njerwa zokonzera linga la mzinda.

"Ndine, mayi. Mukufuna zingati?"

"Ndikufuna muchoke. Pano ndi pa nyumba yathu yopemphereramo. Mwala ukukwezedwawo apongozi anga ankavulirapo nsapato."

Dou anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaseka.

"Ndinu a Ochotsa Mtsempha aja?" Limeneli ndi dzina limene anansi anatipatsa ife Ayuda kalekale, chifukwa sitidya nyama tisanachotse mtsempha wa pantchafu. "Ndimayesa munatha nonse. Mayi, ine ndinapeza thengo, ndipo thengo boma limapatsa amene ali ndi manja. Ngati panali nyumba ya Mulungu, kafunseni mtsinje kumene unaipititsa."

"Mtsinje ndinathana nawo kale," anatero Yulan. "Tsopano ndili ndi inu."

Madzulo a tsiku lomwelo anakalowa m'nyumba ya alamu ake, a Gao Wenli, mkulu wake wa malemu mwamuna wake. A Wenli anali munthu wophunzira amene anakhoza mayeso a boma mu ufumu wakale, ndipo tsopano ankayenda mwakachetechete kudikira kuti ufumu watsopano uwakumbukire. M'nyumbamo munalinso aphunzitsi a Ai, nkhalamba ya maso akhungu pang'ono, amene anavuula mipukutu yathu yopatulika m'madzi n'kuiyanika chikopa ndi chikopa. Mipukutuyo inali m'bokosi pakona, yopanda kwawo.

"Nkhaniyo tikuidziwa, mlamu," anatero a Wenli Yulan atamaliza kufotokoza. "Tinapereka kale pempho kwa woweruza."

"Liti?"

"Chaka chatha."

"Anati chiyani?"

"Sanayankhe. Koma kusayankha si kukana." Anathira tiyi m'kapu mosamala. "Mafumu akale anatiloleza, zoona. Anauza makolo athu kuti mwafika m'dziko lathu, sungani miyambo yanu, muisiyire ana anu kuno. Koma mafumu amenewo anapita. Awa ndi atsopano, satidziwa, ndipo munthu wosadziwika sayamba ndi phokoso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndife alendo, mlamu, ndipo mlendo ndi mame."

"Mame a zaka mazana asanu? Alamu, mame akafika pamenepo amatchedwa chitsime. Agogo a agogo anu anabadwira mumsewu womwe uno. Amanchuwo abwera dzulo, mahatchi awo sanaume n'komwe thukuta. Mlendo ndani pamenepa?"

"Tsitsani mawu. Makoma ali ndi makutu."

"Atakumetani pamphumipo ndinkayesa achotsa tsitsi lokha."

A Wenli anafiira nkhope mpaka pamene anametapo. Aphunzitsi a Ai anatembenukira kumene kunkachokera mawu a Yulan.

"Mwana wanga, ukufuna tichite chiyani? Tatsala mabanja owerengeka, ndipo tilibe mkondo ngakhale umodzi."

"Sindikufuna muchite kanthu, aphunzitsi. Mawa ndi Sabata. Ine ndikukapuma."

M'mawa mwake, anyamata a Dou akufika ndi makasu awo, anapeza mayi wa imvi atakhala m'dzenje, pamwamba pa maziko a khoma la kumadzulo, pamene kale pankasungidwa mipukutu. Anali atavala chovala chake chabwino, manja ali pamaondo. Mwala umene anakhalirawo ndi umene unkayenera kutukulidwa tsiku limenelo.

"Mayi, dzukani," anatero Dou.

"Lero ndi tsiku lopuma, bambo. Sindinyamula katundu aliyense, ngakhale thupi langa."

Anamunyamula anthu anayi n'kukamuika kumsewu. Iye anadikira kuti atembenuke, anasasa fumbi, n'kubwerera pamwala paja. Anamunyamulanso, anabwereranso. Kachitatu anyamatawo anayamba kuyang'anana. Mmodzi anati iye sanalembedwe ntchito yonyamula amayi amasiye, wina anati mkazi amene mtsinje unamukana si woti n'kumuseweretsa. Sabata litatha Yulan sanasiye. Anabwera tsiku lotsatira, ndi linzake, ndipo ntchito ya m'dzenjemo inaima. Dou anapita kubwalo la milandu kukadandaula kuti mayi wina akutsekereza ntchito ya boma, ndipo asilikali anabwera kudzamutenga.

Woweruza anali munthu wachinyamata wochokera kum'mwera, wa nkhope yotopa. Sanali wankhanza. Ankangofuna kuti linga lithe, akuluakulu ake amuyamikire, amusamutsire kumzinda wopanda matope. Yulan anagwada monga aliyense amagwadira. Kumbuyo, pakati pa anthu oonerera, kunaima a Wenli, atabisa manja m'mikono ya mkanjo.

"Ukuti malowo ndi anu," anatero woweruza. "Chilolezo chanu chili kuti?"

"Chinasemedwa pamwala, bwana wamkulu. Mwalawo uli pansi pa uvuni wa bambo awa."

"Ngakhale utafukulidwa, amenewo ndi mawu a ufumu umene unagwa. Chifundo cha mfumu chimaikidwa m'manda pamodzi ndi mfumuyo."

"Ndiye kuti ufumu uno sutidziwa?"

"Sukudziwani."

"N'zodabwitsa, bwana. Okhometsa msonkho anu anatipeza kutsidya kwa mtsinje osasochera, mayina onse ali pakamwa. Amuna athu atauzidwa kuti amete, ometa anawadziwa. Tikafuna kupemphera ndiye mwatiiwala."

Wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Woweruza anamenya tebulo ndi kathabwa kake, koma mawu ake sanakwere.

"Mayi, palibe amene akukuletsani kupemphera m'nyumba zanu. Anthu ako anapereka pempho. Dikirani. Mukaonetsa khalidwe labwino, mwina mudzachitiridwa chifundo."

"Chifundo amapempha ndi wolakwa, bwana. Ine ndinangokhala pansi pakwathu."

Woweruza anapumira m'mwamba. Anati popeza mayiyu watsekereza ntchito ya boma ndipo sakuonetsa kulapa, avale goli kwa mwezi wathunthu, pamalo pomwe analakwira, monga lamulo linenera, kuti odutsa atengerepo phunziro. Kenako anawonjezera kuti poti ndi mkazi, abale ake akhoza kumuwombola kuti asavale.

A Wenli anatuluka pagulu paja, dzanja likupita kale m'thumba.

"Alamu," anatero Yulan osacheuka, "mukatulutsa dzanjalo lili ndi kanthu, mwavomera kuti malo aja si athu. Ndipo musadzanditchulenso mlamu." Kenako anakweza maso. "Bwana wamkulu, makutu angawa ndi okalamba. Mwati ndikavalire kuti?"

"Pamene unalakwira."

Yulan anagunda mphumi pansi mwaulemu wonse. "Mwaweruza bwino, bwana."

Dou ndiye anali woyamba kumva tanthauzo lake. Anatsegula pakamwa, koma kathabwa kanali katalira kale, ndipo munthu wa njerwa sakonza chiweruzo cha woweruza pamaso pa anthu.

Goli lake linali thabwa lalikulu lolemera, lamakona anayi, lokhala ndi bowo la khosi pakati. Wolivala manja ake safika pakamwa, sangagone chagada, sangaone mapazi ake. Womulondera anali msilikali wokalamba wotsimphina, dzina lake Meng. Atafika pamauvuni paja Dou anawathamangira.

"Muikeni apa pachipata, achimwene. Ndi pamene pamadutsa anthu."

Meng anakanda pachibwano. "Analakwira pachipata?"

"Ayi, koma..."

"Lamulo lati pamene analakwira. Mayi, munalakwira pati?"

"Tsikani nane, ndikakuonetseni," anatero Yulan.

Motero anakakhala pamwala wake womwe uja, tsopano molamulidwa ndi boma, ndipo aliyense womusuntha akanakhala akuphwanya chiweruzo.

Koma kupambana kumeneko kunali kokoma m'mawa mokha. Dzuwa litakwera thabwa linayamba kudya mapewa. Ntchentche zinkatera pamaso, iye osatha kuziingitsa. Ana ankaima m'mphepete mwa dzenje n'kumaponya zibuma, kupikisana kuti ndani alase thabwa. Mwa anthu ake sanabwere ngakhale mmodzi. Yulan ankayang'ana kumsewu mpaka maso kuwawa, ndipo chimene chinamupweteka kuposa ludzu chinali chimenecho.

Dzuwa litapendeka kunatsika mayi wina wamfupi, atanyamula mphika wa madzi ndi timikate tophika panthunzi. Anali Mayi Sha, Msilamu wa kumsewu wa kumzikiti, amene kale ankalimbirana naye makasitomala pamsika.

"Yasamula," anatero Mayi Sha. "Aka n'koyamba kukuona utatseka pakamwa."

Yulan anamwa, madzi ena akutsikira pathabwa. "Wakalamba, Sha."

"Iwe ndiye wakongola ndi mkandawu. Abale ako ali kuti?"

"Akudekha. Akufuna kuona maso a nkhono."

Mayi Sha anamudyetsa mpaka timikate tonse titatha, anamupukuta pakamwa, n'kukwera. Pobwerera kwawo sanadzere njira yachidule. Anadzera mumsewu wa Ayuda, akuyenda pang'onopang'ono, akufunsa khomo ndi khomo mokweza mawu ngati m'nyumbamo munatsala munthu wamoyo kapena mtsinje unatenga onse.

M'mawa mwake kunabwera a Wenli, atavala chipewa chachikulu chobisa nkhope, atanyamula mbale ya phala la mapira. Anagwada patsogolo pa thabwa movutikira. Chibadwire anali asanadyetsepo munthu, ndipo supuni yoyamba inathera pachibwano.

"Pakamwa pali apa, alamu. Mayeso a boma sanafunse zimenezi?"

"Khalani chete mudye." Anamupatsa masupuni angapo, kenako anayankhula motsitsa. "Mukudziwa chimene mwachita? Akakwiya sadzabwera kwa inu nokha. Adzabwera kwa tonse. Ine ndili ndi zidzukulu, mlamu."

Yulan anameza. Atayankhula lilime lija linalibe minga.

"Ine ndilibe. Mng'ono wanu alibe manda, ana anga alibe manda. Ndikafuna kuloza pamene anaimapo padziko lino, ndi pano pokha. Mwana wanga wamkulu uja anawerenga mipukutu koyamba pamaso pa anthu ataima apo pali ngolopo, mawu akunjenjemera, inu mukumunong'oneza. Mwaiwala? Akatenga miyala iyi n'kuiika m'linga, ndidzaloza chiyani?"

A Wenli anayang'ana pamene panali ngolopo nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa chija n'kuchiika pansi, natunganso phala.

Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kubwera mosinthana. Akazi ankamutsuka khosi ndi madzi amchere n'kulowetsa tinsanza pamene thabwa linkakhula. Amuna anaimika denga la mphasa pamitengo inayi. Meng, amene tsopano ankadya nawo chilichonse chobwera, anasanja njerwa za Dou yemweyo mbali ziwiri kuti thabwa lizitsamirapo mayiyo akafuna kuwodzera.

Sabata litafika, banja lililonse linaganiza kuti ndi tsiku loyenera kukaona wandende, ndipo onse anakumana m'dzenjemo osapangana. Aphunzitsi a Ai anatsitsidwa atagwiridwa mikono. Anamvetsera mawu a anthu owazungulira, kenako anafunsa kuti amuna alipo angati, chifukwa pemphero lathu lalikulu silichitika popanda amuna khumi. Atauzidwa kuti apitirira, anatulutsa kachipewa kawo kabuluu m'thumba, nakavala, natembenukira kumadzulo.

"Aphunzitsi," ananong'ona a Wenli, "sitinaloledwe. Msilikali ali pomwepa."

"Tabwera kudzadyetsa wandende," anatero aphunzitsi. "Lilipo lamulo loletsa kudalitsa chakudya?"

Anayamba ndi mawu ang'ono onjenjemera. Amuna anayankha, poyamba ngati anthu oba, kenako mawu anakula. Ena anali ataiwala mawu ake n'kumangotsatira nyimbo. Anyamata oumba njerwa anasiya zikombole n'kudzaima m'mphepete. Yulan sankatha kuwerama kapena kupukuta nkhope, choncho misozi inkangogwera pathabwa, iye ali tolotolo, akuyang'ana kutsogolo ngati munthu wokwiya.

Dzuwa lili pamutu Meng anakoka mkono wa a Wenli. "Dalitso lanu ndi lalitali, bambo."

A Wenli analoza mbale ya phala. "Phalalo ndi lotentha, achimwene. Tikudikira lizizire."

"Oo," anatero Meng, n'kubwerera pamthunzi.

Sabata lotsatira anachitanso chimodzimodzi, ndipo oonerera anachuluka. Koma thupi la Yulan linkatha. Kunagwa mvula, m'dzenje munadzaza matope ofika m'mawondo, ndipo zilonda za pakhosi zinayamba kutulutsa mafinya. Anagwidwa ndi malungo, nthawi zina n'kumaitana ana ake mayina. Akazi anamupempha kuti alole awomboledwe. Iye ankangoti, "Ndani wakutumani?"

Amene anatopa poyamba anali Dou. Dothi labwino linali m'dzenje lomwelo, ndipo sakanatha kukumba pakati pa khamu la anthu ndi msilikali wa boma. Njerwa zinachepa, oyang'anira linga anayamba kumuopseza ndi zikoti. Choncho munthu yemwe uja amene anakasuma anapitanso kubwalo kukagwada, kupempha kuti mayi wokalambayo akhululukidwe, wavutika mokwanira. Woweruza anavomera msanga, natumiza mthenga ndi kiyi.

Yulan anamva uthengawo maso ali otseka. "Anati mwezi. Mwezi watha?"

"Sunathe, mayi, koma akuchitirani chifundo."

"Kawauzeni kuti ndine munthu womvera lamulo. Ndimaliza."

Mthengayo atayandikira ndi kiyi, iye anagwira m'mphepete mwa thabwa ndi manja onse awiri. Mthenga anayang'ana Meng, Meng anayang'ana kumwamba. Panalibe amene ankadziwa mmene amamasulira wandende mokakamiza anthu ambiri chotere akuona.

Tsiku lotsatira woweruza anabwera yekha pamachira. Ataima m'mphepete mwa dzenje anaona zipewa zabuluu, zipewa zoyera za Asilamu, ogulitsa mtedza amene anasamutsira malonda awo pamenepo, ndi linga losamalizidwa kumbuyo kwake. Ankadziwa kuti mayiyu akafera m'goli nkhani idzafika kwa akuluakulu ake, ndipo idzafika pamodzi ndi ya linga. Anatsika, matope akudetsa nsapato zake zansalu.

"Mayi, ukufuna kufa?"

"Ayi, bwana. Ndikanafuna, mwayi unalipo kale."

"Mvera tsono. Mwa chifundo cha ufumu, ndikulolani kumanga mbali ya kumadzulo ino. Mauvuni akhala pomwe alipo. Ndilemba lero."

Anthu anayamba kunong'onezana mokondwa, ena akugwada kale. Yulan anayesa kupukusa mutu, thabwa linamuletsa.

"Musalembe zoloza chifundo, bwana. Cholola munthu mmodzi mnzake amadzaletsa. Inu mudzasamuka, kudzabwera wina, adzati chifundo chija chinapita ndi mwini wake. Munandiphunzitsa ndinu."

Nkhope ya woweruza inauma. Apa ndi pamene a Wenli anabwera kutsogolo. Anagwada m'matope ndi mkanjo wawo wabwino, ndipo mawu anatuluka bwinobwino.

"Bwana wamkulu, mlamu wangayu ndi wosaphunzira, koma chimene akunena ndi chimene tonse tikunena. Lembani kuti malo athu abwezedwa."

"Kubweza ndi kwa munthu amene analanda. Ukuti boma linaba?"

"Kutalitali, bwana." A Wenli anaganiza pang'ono. "Ndiye musalembe kupatsa, musalembenso kubweza. Lembani chimene chilipo basi, kuti pano ndi pa nyumba yopemphereramo Ayuda a mumzinda uno kuyambira kale. Anansi athu ali pompano, afunseni ngati ndi bodza."

"Agogo anga ankawagulitsa nkhosa pakhomo pomwepa," anatero Mayi Sha asanafunsidwe. "Ndipo ankadandaula kuti ndi ovuta pamtengo."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamupatsa woweruza pothawira. Anaitanitsa cholembera, nalemba monga ananenera a Wenli, nadinda chidindo chake chofiira. Anawerenga mokweza kuti onse amve. Kenako anayang'ana Yulan.

"Tsopano ulola akumasule?"

"Nanga mbali ya kum'mawa, kumene kunali chipata chathu ndi chitsime?"

"Mlamu," anatero a Wenli motsitsa, "chonde."

Yulan anayang'ana mauvuni aja nthawi yaitali, kenako anachotsa manja pathabwa. "Imeneyo tidzakambirana," anatero.

Sanakambirane. Mbali ya kum'mawa sinabwerere m'masiku a moyo wake, ndipo iye sanasiye kuitchula. Khosi lake nalonso silinabwerere. Zilonda zinapola, koma mutu unauma molunjika kutsogolo, moti akafuna kuyang'ana munthu ankatembenuka thupi lonse, chinthu chimene chinkaopsa ana ndi akulu omwe. Woweruza uja anasamutsidwa linga litatha. Wobwera pambuyo pake anawerenga chikalata chija, sanapezemo chilolezo choti n'kuchichotsa, ndipo anachisiya.

Kumanga kunatenga zaka zingapo, chifukwa anthu anali ochepa ndi osauka. Njerwa zinachokera kwa Dou, poti ndiye anali pafupi, ndipo Yulan ankaima pangolo iliyonse kugogoda njerwa imodziimodzi, yosalira bwino n'kuibweza. Dou ankauza aliyense kuti bola zikoti za oyang'anira linga.

Tsiku lolowetsa mipukutu m'nyumba yatsopano, amuna anavula nsapato pakhomo n'kulowa, akazi anasonkhana pabwalo monga mwa mwambo. Yulan anafika mochedwa, akuyenda ndi ndodo. A Wenli anamuchingamira pamasitepe, nkhope ili yowala.

"Mlamu, ndili ndi nkhani yabwino. Mukudziwa kuti amayi amakhala pabwalo. Koma akuluakulu takambirana, ndipo lero lokha takulolani kuti..."

Yulan anatembenuka thupi lonse, nawayang'ana.

"Mwandilola?"

Yulan anawapatsa ndodo kuti amugwirire, anavula nsapato, n'kulowa. Anayenda pakati pa amuna mpaka kutsogolo, nakhala pansi pafupi ndi khoma la kumadzulo. Pabwalo paja akazi amene ankamutsuka zilonda anayang'anana. Mmodzi anawerama n'kuvula nsapato zake, anzake anatsatira.

M'nyumbamo munamveka manong'onong'o. Wina anafika pakhutu la aphunzitsi a Ai, amene tsopano sankaona n'komwe, n'kuwauza zimene zinkachitika.

"Ine sindikuona kanthu," anatero aphunzitsi. "Sunthani, anthu akhale. Tsegulani bokosilo."